Alamu Anga Ankawiritsa Yogati

Alamu anga sakhulupirira chinthu chimene sichinawire. Supuni amaiwiritsa. Chipeso amachiwiritsa. Tsiku lina ndinawapeza akuwiritsa makiyi a pakhomo chifukwa anali atagwera pa masitepe. N'chifukwa chake m'nyumba yathu yosanjikizanayi aliyense, kuyambira osoka zovala a pansi mpaka mlonda wa pageti, amawatchula kuti a Ketulo. Eni akewo dzinali sadana nalo. Amati bola ketulo kusiyana ndi ndowa ya zinyalala.

Iwo ndi mlongo wamkulu wa malemu amuna anga. Maliro atatha, ndi iwo amene anandipezera chipinda choyang'anizana ndi chawo. Pakati pathu pali kakhonde kopapatiza, kongokwanira mipando iwiri ndi mawondo athu. Sanandifunse maganizo anga. Anangoti, "Mlamu, mukatsala nokha m'nyumba ija muyamba kulankhula ndi makoma. Bwerani muzilankhula ndi ine." Kunena zoona, wolankhula amakhala iwo. Ine ndimasoka mabatani ndi kupinda zovala zimene osoka a pansi amandipatsa, n'kumavomera.

Moyo wawo wonse anagwira ntchito kuchipatala, koma osati kumene kumagona odwala. Anali m'chipinda cha pansi, chopanda zenera, kumene amatsukira ndi kuwiritsira zipangizo za madokotala. Analowamo ali mtsikana wokolopa, anatulukamo ali ndi imvi, ali mkulu wa chipindacho. Masizasi, zopanira, timabeseni tachitsulo, zonse zinkatsikira kwa iwo zili ndi magazi, n'kukwera zili mbee, zokutidwa m'nsalu zotentha. Mpaka lero zala zawo n'zoterera ngati sopo, nthunzi inafufuta timizere tonse.

Amati ali wokolopa anaona mayi wina amene anachira bwinobwino, mwana wake wamoyo, koma bala linayamba kutukusira ndipo mayiyo sanatuluke. Palibe anawauza chifukwa chake. Anangodziuza okha kuti chilichonse chodutsa m'manja mwawo chiziwira, ndipo chikawira chiwirenso.

Adani awowo anawaonapo kamodzi kokha. Dokotala wina wachinyamata anawaitana kuti asuzumire m'makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Nkhani imeneyi ndaimva kambirimbiri, ndipo nthawi zonse amaifotokoza atatsinzina diso limodzi.

"Mlamu, majeremusi aja ankangoyendayenda ngati kwawo. Ena obulungira, ena ngati timitengo ta machesi. Manyazi analibe n'komwe. Lina linachita kuima n'kundiyang'ana."

"Ali ndi maso, alamu?"

"Inu munalipo?"

Akuti tsiku limenelo sanadye. Amuna awo, omwe anali amakaniko ndipo anatisiya kalekale, ankasambitsidwa m'manja ngati khanda asanaloledwe kugwira buledi. A Ketulo akawakumbuka amapukusa mutu mwachikondi n'kuti, "Anali munthu wabwino uja. Koma zikhadabo."

Kuiwala kunayamba pang'onopang'ono, ndipo poyamba tinkaseka. Magalasi awo ndinawapeza m'filiji, pambali pa mazira. Tsiku lina anapita kugolosale kukagula mchere, anabwerako ndi nkhani yonse ya ukwati wa mwini golosale, koma opanda mchere. Tsiku lina masana anandifunsa kuti mlongo wawo, malemu amuna anga aja, waweruka kapena ayi. Ndisanayankhe anakumbukira okha, anagwira dzanja langa, ndipo ulendo umenewo sitinaseke.

Kenaka kunabwera tsiku la nsalu zopukutira mbale. Anaziika pa mbaula yawo yamagetsi kuti ziwire, anatsika kukamuuza mlonda kuti asamamwere kapu imodzi ndi anzake, n'kuiwala. Madzi anaphwa, nsalu zinayaka, khoma la pamwamba pa mbaula linada bii. Ine ndinali kumsika. Osoka zovala ndi amene anathyola chitseko.

Mwana wawo ndi mmodzi yekha, wamwamuna. Amalumikiza magetsi m'nyumba za anthu, ndipo amakhala kutali, kokwera basi m'mawa n'kukafika dzuwa litapendeka. Anabwera Loweruka lotsatira. Anaima n'kuyang'ana khoma lija nthawi yaitali, manja ali m'matumba.

"Amayi, ine ndimalowa m'nyumba zopsa. Ndimaona zimene zimatsalamo. Zikachitikanso ndibwera ndi galimoto. Chipinda chanu kwathu takonza kale."

"Kwa mkazi wako uja? Wopukuta mbale ndi nsalu yomwe wapukutira m'manja?"

"Kwa mpongozi wanu, Amayi, amene amakukondani."

"Sindinati sandikonda. Ndati nsalu."

Anaseka onse awiri. Koma mwanayo atapita, a Ketulo anakhala pakhonde mpaka tiyi anazizira. M'chipinda chimenechi akhalamo kuyambira ali pantchito. Amadziwa sitepe imene imalira, amadziwa mwana wa ndani akutsokomola, ndipo aliyense m'nyumba muno amene wadzicheka ndi mpeni amathamangira kwa iwo.

"Kumeneko ndikakhala ndani?" anandifunsa. "Agogo a pampando. Kuno ndine Ketulo."

Ine ndinkaganiza za mpando wachiwiriwo.

Mwanayo anali atatipempha kuti tipite kuchipatala, choncho ndinawaperekeza. Tinapeza namwino wachitsikana, wa nkhope yobulungira, wosaopa agogo. Anawayeza magazi, n'kuwafunsa mafunso oyesa kukumbukira. Ena anakhoza, ena analephera. Kenaka anafunsa chimene sitinkayembekezera.

"Agogo, mumadya chiyani?"

"Zaukhondo."

"Monga dzulo m'mawa?"

Anaganiza. "Tiyi ndi buledi."

"Masana?"

"Buledi ndi tiyi."

Zinali zoona. Chiyambireni kuvutika mawondo, kumsika anasiya kupita, ndipo ndikawabweretsera zipatso ankati zagwiridwa ndi manja a dziko lonse.

"Nanga kuchimbudzi mumapita bwino?"

"Iwe mwana, amayi ako umawafunsa zimenezo?"

"Tsiku lililonse, agogo. Nanga makapisozi mumamwa?"

Anavomera monyadira kuti akangomva kukhosi kukuyabwa amakagula makapisozi opha majeremusi, osadikira dokotala. Namwino anaika cholembera pansi. Anati zimenezo asiye, chifukwa makapisozi amenewo sasankha, amaphera pamodzi oipa ndi abwino omwe.

"Abwino ati?"

Apa namwino anafotokoza modekha. Anati m'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo tosawerengeka, tosaoneka ndi maso, ndipo tambiri n'tothandiza. Timagaya zakudya zina zimene mimba payokha singathe, ndiponso timapanga zinthu zimene zimalowa m'magazi. Anati matumbo ndi ubongo zimatumizirana mauthenga kudzera m'mitsempha ndi m'magazi, ndipo ofufuza akuona ngati kwa okalamba, tizilomboti tikasokonekera, mutu nawonso umatha kusokonekera.

"Koma akadali kufufuza, agogo. Sindikukulonjezani kuti kuiwala kutha. Chimene ndikudziwa n'chakuti tiyi ndi buledi zokha sizingasunge munthu, ngakhale tizilombo take. Muzidya nyemba, masamba, zipatso. Ndi yogati, wopanda shuga uja."

A Ketulo anali atagwira pamimba ndi manja onse awiri.

"Ukunena kuti ali muno? Panopa?"

"Chibadwire chanu, agogo."

"Zaka zonse zija ndikuwapha kuntchito, poweruka ndinkawanyamula n'kupita nawo kunyumba?"

"Ndi kuwakweza basi," ndinatero ine. Sindikudziwa chinandilowa. Namwino anaseka mpaka kupukuta misozi. Alamu anandiyang'ana ngati supuni yosawiritsa.

Titafika kunyumba, pa masitepe anaima kuti apume, n'kunena ngati akudziuza okha, "Ngati kuwadyetsa kungandisiye m'chipinda changa, ndiwadyetsa. Koma asaganize kuti tagwirizana."

Alamu anga akayamba chinthu sachita mongoyerekeza. Makapisozi otsala anakawapereka kwa namwino. Nyemba zinayamba kulowa. Kabichi, kaloti, mapeyala, nthochi. Nthochi anazikhululukira msanga chifukwa zimabwera zitavala kale. Masiku oyamba m'mimba mwawo munali chipwirikiti. Tikakhala pakhonde munkamveka ngati munthu akukoka mipando m'chipinda chapamwamba. Ine ndinkayang'ana batani langa. Iwo ankapendeketsa mutu n'kumvetsera.

"Alendi anga ali pa msonkhano."

Dzinalo linakhazikika: tizilombo tija tinasanduka alendi, ngati anthu ochita lendi m'nyumba. Mlonda akawaona akutsika ankafuula, "Mwadzuka bwanji a Ketulo, ndi alendi omwe?" Iwo n'kuyankha, "Adzuka, ndipo ndi aulemu kuposa iwe." Akaiwala mawu pakati pa nkhani ankagogoda pamimba ndi chala: "Tumizani uthenga kumtundako, mwagona?" Anayambanso kuyeza anthu ena. Mwini golosale akawapatsa zolakwika, ankati alendi ake amangodya masikono. Mlonda akasinza masana, ankati ake anasamuka kalekale, yatsala nyumba yokha. Ine anandiuza kuti anga ndi ofatsa kwambiri, ndiwapatseko tsabola.

Vuto linali yogati. Pa kachitini kake panalembedwa kuti muli tizilombo tamoyo. Ndinawawerengera ine chifukwa magalasi anali atasowanso. Anandiuza kuti ndibwereze. Kenaka anakanyamula kachitini kaja ndi zala ziwiri n'kulowa nako m'chipinda. M'mawa mwake ndinamva fungo la mkaka wotentha. Nditasuzumira ndinawapeza ataima pa mbaula, akutakasa yogati m'kapoto. Anali atasanduka timibulu toyera tosambira m'madzi achikasu.

"Alamu, kodi pamenepa simukuwapha?"

"Ndikungowasambitsa. Munthu alowe m'thupi mwanga osasamba?"

"Koma inu nomwe mumati chikawira sipatsala chamoyo."

"Ngati ndi abwinodi, apirira."

"Namwino anati..."

"Namwino anati ndidye yogati. Sananene kuti wosaphika."

Anadya timibulu tija ndi supuni yowiritsa, nkhope atakwinya ngati akumwa mankhwala owawa. M'mawa uliwonse zinkatero. Ndinayesanso kangapo kuwabweza, koma pa nkhani ya majeremusi alamu anga samva munthu amene sanasuzumirepo m'makina aja. Ndinangosendeza mpando wanga n'kuuika poti ndiziona mbaula yawo chitseko chikakhala chotsekula.

Loweruka lina ndinatsika kukapereka zovala kwa osoka. Iwo anaika yogati wawo pamoto, kenaka anakumbukira kuti kudenga, kumene timayanika zovala, anasiyako thaulo. Kudengako anapeza mayi wina akuyanika matewera pa chingwe chosapukuta, ndipo phunziro linayambika. Ine pokwera ndinakumana ndi fungo pa masitepe. Ndinathamanga mmene mawondo angandilolere n'kuthimitsa mbaula. Moto sunayake, koma kapoto kanali katada, chogwirira chake chitasungunuka, utsi uli tolo. Ndinatsekula zenera, ndinakupiza ndi nyuzipepala. Koma fungo la mkaka wopserera silimva kupempha. Ndipo kumbuyo kwanga kunamveka mawu.

"Azakhali, musavutike."

Anali mwana wawo, chikwama chili paphewa. Anabwera osanena, kudzangowaona.

A Ketulo atatsika ndi thaulo lawo anaima pakhomo. Anayang'ana kapoto, anayang'ana mwana wawo. Sanadzikanire. Anapinda thaulo lija bwinobwino, makona kukumana ndi makona monga ankapindira nsalu za kuchipatala, n'kuliika pabedi. Anatenga lina n'kuyambanso kulipinda. Ndinazindikira kuti ayamba kulongedza.

Mwanayo anatola kapoto kaja ndi nsalu n'kukanunkhiza. "Munali chiyani muno?"

Anatembenukira kwa ine.

"Yogati," ndinatero chapansipansi.

"Yogati? Amayi, munkaphika yogati?"

"Sindinkaphika," anatero amayi ake osatembenuka. "Ndinkasambitsa."

Ndinamufotokozera za namwino ndi za alendi. Anayesetsa kuumitsa nkhope koma milomo inayamba kunjenjemera. Anakhala pabedi, pamwamba pa thaulo lopinda, n'kuseka atadzigwira kumaso. Atachotsa manja maso anali ofiira, ndipo sikunali kuseka kokha.

"Amayi, ndikakusiyani, tsiku lina anthu awa adzandiimbira foni. Ndidzawayankha chiyani?"

A Ketulo anasiya kupinda. "Tandiuza bwino. Vuto lako ndi ine kapena mbaula?"

"Mbaula."

"Ndiye nyamula mbaulayo ukaigoneke m'chipinda mwakonzacho. Mkazi wako akaipukute ndi nsalu yake ija. Ine undisiye."

"Inuyo? Kukhala opanda mbaula? Amayi, munandiwiritsira mpira ndili mwana mpaka unaphulika. Ndikangokwera basi mukagula ina. Ngakhale yogati weniweniyu mukulephera kumudya osamuika pamoto."

A Ketulo anapita pa filiji, anatulutsa kachitini katsopano n'kung'amba chotsekera. Anapita pa kabati pamene pamakhala masupuni awo owiritsa m'botolo lotseka. Anatambasula dzanja, n'kulibweza.

"Mlamu, tandibwerekeni supuni yanu."

"Yanga, alamu? Ndinangoitsuka ndi sopo."

"Ndikudziwa mmene mumatsukira. Bweretsani."

Ndinakaitenga. Anatapa yogati wodzaza supuni, wozizira, woyera, wamoyo. Anamuyang'ana ndi diso limodzi, lija la m'makina.

"Tamverani inu," anauza supuniyo. "Mukalowa mupeza anzanu. Phokoso sindifuna. Ndipo ntchito yanu ndi kundikumbutsa zinthu, osati kungodya nyemba zanga."

Anameza. Anatseka maso n'kudikira imfa. Imfa sinabwere. Anatapanso.

"Akukoma bwanji?" anafunsa mwanayo.

"Usandifunse ndili ndi anthu m'kamwa."

Anamaliza kachitini konse, mpaka kukokota m'mbali. Mwanayo anawayang'ana nthawi yaitali monga anayang'anira khoma lija. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Azakhali, mbaula yanu ingakwane anthu awiri?"

Ndinati ingakwane. Anatsekula chikwama chake, anatulutsa zipangizo, n'kugwada kuseri kwa mbaula ya amayi ake.

Mbaulayo inakwera basi tsiku lotsatira. Tinagwirizana kuti chophika chilichonse chizichitikira kwanga, ine ndilipo. Mwanayo ananena poyera kuti za galimoto sanaiwale, zikadzafika poipa adzabwera ndithu, ndipo amayi ake anati amva. Anawasiyira ketulo yamagetsi yozima yokha madzi akawira. A Ketulo amainyoza. Amati ndi yaulesi, imaweruka isanauzidwe, anthu otere kuchipatala sankakhalitsa. Koma amaigwiritsa ntchito, ndipo makiyi akagwa amawaika m'kapu n'kuwathira madzi ake.

Kuiwala sikunathe. Dzulo magalasi anali m'dengu la anyezi. Koma masiku ambiri amadzuka mutu uli mbee, amandikumbutsa ndi ine zimene ndaiwala, ndipo masaya adzaza. Titabwerera kwa namwino ndinamufunsa ngati ndi alendi achita zimenezi. Anati sanganene: mwina ndi iwo, mwina ndi chakudya chenichenicho, mwina ndi kudya pali mnzako. Alamu anati namwinoyo ndi mwana wabwino koma sadziwa kuyamika antchito.

Tsopano masana timadyera m'chipinda changa. Amafika ndi mbale yawo, kapu yawo ndi botolo lawo la masupuni. Amakhala pansi, amayang'ana nsalu yanga yopukutira mbale, amapuma mozama, osanena kanthu. Mpunga ndi nyemba amadyera supuni yawo. Koma ikafika nthawi ya yogati amatambasula dzanja osandiyang'ana.

"Yanu ija, mlamu. Alendi anaizolowera."